Mbali ya Kuzenera

Chithunzi choyamba chimene amake Nesi anajambula amuna awo chinatuluka chakuda bii, ngati chitsa chopsa chovala malaya. Chachiwiri anayatsa fulashi. Chimenecho ndiye chinaoneka bwino mopitirira, moti anachifufuta msangamsanga: pakamwa popotoka, diso logwa, dovu pachibwano, kumbuyo mabotolo a mankhwala ali ndandanda.

Panali patatha masabata atatu chigwereni bamboyo m'shedi yawo ya ukalipentala. Anagwa sowo ili m'manja, ndipo kuchipatala anabwerako theka. Mbali yakumanzere inali yamoyo, yakumanja inkangotsatira. Mawu ankatuluka ngati a munthu wolankhula ali ndi madzi m'kamwa. Koma liwu limodzi analitulutsa bwinobwino, atawafinya akazi awo padzanja ndi mphamvu zonse za mkono wotsalawo.

"Osamuuza."

Wosauzidwayo anali mwana wawo mmodzi yekha, amene anthu anayamba kumutchula kuti Nesi ali ndi zaka zisanu chifukwa chomanga nkhuku mabandeji. Dzinalo linamutsatira mpaka kunja kwa dziko, kumene tsopano ankagwira ntchito m'chipatala uku akuwerengera mayeso ake omaliza. Mayesowo anali atatsala miyezi iwiri ndi theka. Akangolemba anali ndi tchuthi cha mwezi wathunthu, ndipo tsiku lobwera abambo ake anali atalizunguliza kale ndi pensulo pakalendala wa kuchipinda.

Amake anagwirizana nazo. Mwana akamva asiya zonse n'kukwera ndege, zaka zinayi zipite m'madzi. Anamuuza kuti abambo ake magazi anathamanga pang'ono, komanso awazula mano awiri, n'chifukwa chake sakubwera pafoni. Bodzalo silinavute, chifukwa bamboyo ngakhale ali bwino ankangoti "tili bwino kuno" n'kubweza foni ngati ikuwotcha.

"Ndiye muzinditumizira chithunzi chawo Lamlungu lililonse," anatero Nesi. "Ndiziwaona ndi maso angawa."

Pamenepo ndiye panagona nkhani.

Pakati pa shopu ya ometa tsitsi ndi ya okonza mafoni panali kasitudiyo ka mkulu wina wojambula zithunzi. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse ankangoti a Musagwedezeke, chifukwa kwa zaka makumi anayi liwu lawo linali lomwelo asanadine kamera. Anali mnzawo wa abambo ake Nesi kuyambira paunyamata, ndipo benchi yokhalapo makasitomala anakhoma ndi bamboyo.

"Alamu!" anatero ataona mayiyo pakhomo. "Mwabwerera cha pasipoti? Mukumuthawa mnzanga uja?"

"Ndikanathawa ndikadali ndi mawondo. Taonani ichi."

A Musagwedezeke anabweretsa foniyo pafupi ndi mphuno.

"Ameneyu ndi mnzanga, kapena thumba la makala?"

Amake Nesi anafotokoza zonse ali chilili, mwachidule. Mkuluyo anavula mandala ake n'kuyamba kuwapukuta, kupukuta kosatha.

"Ndiye mukufuna ndikamujambule?"

"Ayi. Mukajambula inu, mwana adabwa kuti kunyumba kwagwanji mpaka kuitana wojambula. Mundiphunzitse ineyo. Koma musachulutse gaga, ndasiya munthu yekha."

"Mukudziwa kuti limeneli ndi bodza, alamu?"

"Ndabwera kusitudiyo, sindinabwere kudzalapa."

Mawa lake cha m'ma eyiti a Musagwedezeke anafika. Atamuona mnzawo ali pampando, bulangete pamiyendo, anaima kaye pakhomo la chipinda. Kenako anati, "Iwe, benchi yako ija yayamba kulira. Udzuke ukaikonze, ulesi basi." Diso lamoyo la bamboyo linawala.

Phunziro linayamba pomwepo.

"Choyamba, pukutani kagalasi ka kumbuyoka. Foni imeneyi imagona m'chikwama chimodzi ndi makiyi ndi anyezi. Chachiwiri, zenera lisakhale kumbuyo kwa munthu. Kamera ndi yopusa, alamu, imathamangira powala n'kuiwala munthu. Zenera likhale kumbuyo kwanu, apo ayi pambali pake. Ife tikufuna pambali."

Anakoka mpando, munthu ali pomwepo, mpaka zenera linakhala kumanzere kwake. Kuwala kwa m'mawa kunagwera tsaya lamoyo, kunakwera pamphuno n'kuthera pomwepo. Tsaya linalo linalowa mumthunzi.

"Mwaona? Anthu ena ndimawauza kuti aimike nsalu yoyera mbali ya mthunziyi, ibweze kuwala, nkhope ioneke yonse. Inu ayi. Inu tsekani chitseko icho, muchotsenso nsalu yoyera ili pabediyo. Fulashi musadzayatsenso. Fulashi ndi mboni ya kukhoti, imanena zonse."

"Basi?"

"Khalani pansi. Musamuimire pamutu ngati mukumufunsa kumene anagona dzulo. Foni ifanane ndi maso ake. Tsopano musanadine, yendani ndi maso m'makona onse anayi. Ndodo ija ikutani pamenepo? Beseni? Mabotolo awo?"

Amake Nesi anasesa zonse n'kuzikankhira kunsi kwa bedi. A Musagwedezeke anadina apa ndi apo pafoni, pagalasi panaoneka mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa.

"Diso labwinolo likhale pamene mizere yakumana. Munthu wokhala pakatikati ndi wa pachiphaso. Musiye malo mbali imene akuyang'anayo, aoneke ngati munthu woti ali ndi kopita. Zigongono panthiti. Mpweya m'kati."

Kenako, chizolowezi n'chizolowezi, mkuluyo anakweza chala n'kukuwa, "Musagwedezeke!"

Anauza munthu amene kwa masabata atatu anthu onse ankamupempha kuti agwedeze ngakhale chala. Ndiye bamboyo anayamba kuseka, kuseka kwa theka la kamwa, mapewa akudumpha, kuseka koyamba chigwereni. Amake Nesi anadina.

Pachithunzicho panali mwamuna amene anawakwatira. Wokalamba, inde, koma yemwe uja: wamphuno yowongoka, akuseka kanthu kena kamene kachitika panja.

Yankho la Nesi silinachedwe. "Eee, koma abambo akuoneka ngati mnyamata! Wajambula ndani?"

"Ineyo."

"Amayi inu? Amene munkadula anthu mitu pachithunzi chilichonse?"

"Munthu amaphunzira. Werenga mabuku ako."

Kuyambira pamenepo Lamlungu linakhala tsiku la ntchito. Bamboyo ankadzuka msanga n'kuloza lezala. Akazi awo ankawameta, kuwapukuta pachibwano, kuwaveka malaya a kolala, kukoka mpando. Miyendo ya mpandoyo inafika pokumba timizere pasimenti. Dzanja lakufa ankalibisa pansi pa nyuzipepala. Sabata ina anawaika chopalira matabwa pamiyendo, dzanja lamoyo pamwamba pake, ndipo Nesi analemba kuti, "Muwauze apumeko, ntchito siitha."

Chimene amake Nesi sakanauza munthu n'chakuti ntchitoyo inayamba kuwakoma. Mayi amene moyo wawo wonse ankaona dzuwa ngati choumitsira zovala anayamba kudziwa kuti la m'ma eyiti ndi lofewa, la masana limakumba maenje m'maso, la tsiku la mitambo silibisa kanthu koma silikalipa. Pamsika ankapezeka akuyang'anitsitsa nkhope ya wogulitsa tomato, mumtima akuti, uyu akanangosunthira mumthunzi wa khonde. Akajambula chabwino ankapita nacho kwa amuna awo ngati mwana wa sukulu amene wakhoza masamu.

"Taonani, bambo. Si inu amenewa?"

Bamboyo ankayang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu.

Koma munthu ankatha. Kumeza kunayamba kuvuta, chakudya chinkabwerera, madzi ankawatsamwa. Kuchipatala anasintha mapiritsi, anawonjezera ena, dokotala anayamba kulankhula akuyang'ana pepala. Amake Nesi anayankha ndi zimene ankadziwa. Mapewa atagwa, anapinda thaulo n'kuliika m'kati mwa jekete. Khosi litaonda, anakulunga sikafu. Manja atasanduka mitsempha yokhayokha, anasendera pafupi n'kumajambula kuyambira pachifuwa. Tsaya lamoyo litayamba kulowa m'kati, anapeza okha, popanda wowauza, kuti akatembenuzira nkhope kuzenera pang'ono chabe, kuwala kumadzaza dzenjelo.

A Musagwedezeke ataona chimenecho anaimba mluzu. "Alamu, mwandipitirira. Ndipo zikundiopsa."

Mayeso anafika, Nesi analemba. Lachisanu madzulo anaimba foni, ndipo amake anaikweza mawu kuti abambo ake amve nawo. Pakalendala panali patatsala masiku khumi ndi awiri.

"Zayenda bwino, amayi! Muwauze abambo kuti mwana wawo sanawachititse manyazi."

"Akumva. Ali pompano."

"Abambo, mwamva? Koma pali kankhani kena, musakhumudwe. Tchuthi changa chija ndapatsa mnzanga. Amayi ake ali m'chipatala kwawo, zinthu sizili bwino, ndipo anamukaniza kupita chifukwa antchito ndife ochepa. Ankangolira m'chimbudzi. Ndiye tasinthana, ine ndatenga chake cha kumapeto kwa chaka. Ndinamuonetsa zithunzi za abambo, ndinati taona, anga ali gwa, ine ndikhoza kudikira. Ndi miyezi isanu yokha. Ndachita bwino, eti amayi?"

Amake anatsegula pakamwa. Anayang'ana amuna awo kuti awapatse chizindikiro, koma bamboyo anali atatseka diso. Bodza la miyezi itatu silituluka pakhosi nthawi imodzi. Chimene chinatuluka ndi chimene lilime linazolowera.

"Wachita bwino, mwanangu."

Loweruka bamboyo anakana kudya. Supuni ikafika ankafumbata mano. Tsiku lonse anangoyang'ana kalendala.

Lamlungu sanaloze lezala, koma akazi awo anawameta ndithu, poti ntchito ndi ntchito. Anawaveka jekete, anaika thaulo, anakoka mpando, anatseka chitseko, anakhala pansi ndi foni. Atayang'ana pagalasi anapeza nkhope yatembenuka. Bamboyo anali atapotoza khosi mpaka tsaya lakufa linatuluka mumthunzi.

"Bambo, yang'anani kuno."

Anadzuka n'kuwagwira chibwano, kuwabwezera m'malo. Asanakhale pansi, nkhope inali itatembenukanso.

"Musandivutitse, dzuwa likupita."

Anawabwezeranso. Ulendo uno dzanja lamoyo linakwera, linakoka sikafu n'kuiponya pansi. Linalowa m'jekete, linavutika, linatulutsa thaulo. Kenako bamboyo anagwira mphepete mwa tebulo n'kudzikoka, mpando ukukwekwesa simenti, mpaka nkhope yonse inayang'anizana ndi kuwala. Anapuma wefuwefu. Anayang'ana m'kagalasi ka foni, diso lamoyo lili tong'o, linalo likutsika misozi yosadziwa mwini wake.

"Mu... u... ze," anatero.

Amake Nesi anaika zigongono panthiti n'kudina.

Anatuluka nacho kukhitchini kukachiona. Chinali chithunzi cha munthu amene akupita. Khosi ngati la nkhuku yonyowa, pakamwa pakugwera paphewa, jekete ili lende ngati yapachikidwa pamsomali. Anatsegula dzina la Nesi. Chala chinaima m'mwamba.

Mwanayo akachiona ali yekha kuchilendo, mwina ali pantchito, mwina akuwoloka msewu? Sabata yatha anamutumizira mnyamata wa sikafu, lero amutumizire ichi? Anaganiza kuti vuto ndi dzuwa. Linali litakwera kale, linali lokalipa, linakumba maenje amene mwina panalibe. Mawa m'ma eyiti ajambula china chonena zoona koma mofatsa, chimene mwana angachione osakomoka.

Nesi atafunsa za chithunzi cha tsikulo, anamuyankha kuti foni ikuvuta.

Lolemba anaimika nsalu yoyera pampando wina, mbali ya mthunzi, monga a Musagwedezeke amauzira anthu ena. Nkhope inaoneka yonse, koma yotuwa ngati phulusa. Lachiwiri kunali mitambo. Anajambula khumi ndi zisanu, akusuntha mpando, akutsegula katani, akutseka katani. China diso logwa linkaoneka kwambiri. China silinkaoneka n'komwe, moti Nesi akanati abambo angotopa. Bamboyo ankapirira, akuganiza kuti cha Lamlungu chija chinapita kale ndipo izi n'zowonjezera. Foni ikalira ankadzutsa mutu.

"Wa... ti... bwa?"

"Sanayankhe. Ali pantchito."

Lachitatu anapita kusitudiyo.

"Alamu anga, pali njira yoti chioneke kuti akudwala koma chisaopse?"

A Musagwedezeke anadutsa zithunzizo ndi chala, chimodzichimodzi, mpaka anafika pa cha Lamlungu. Sananene nthabwala.

"Ichi munajambula liti?"

"Lamlungu."

"Ndipo chidakali m'foni muno?"

"Dzuwa linali loipa."

"Dzuwa linalibe mlandu. Palibe zenera lokonza zimenezi, alamu, ine ndafufuza zaka makumi anayi. Tumizani. Tumizani muli pompano."

"Nditumiza ndikafika kunyumba."

Anatumiza Lachinayi m'mawa, atapeza amuna awo akupuma mokoka ngati sowo yobuntha. Anatumiza cha Lamlungu chomwe chija. Foni inalira asanaiike pansi.

"Imeneyi ndi sitiroko," anatero Nesi. Mawu ake anali a kuntchito, ouma. "Yachitika liti?"

"Papita miyezi itatu."

Amake anayang'ana ngati foni yaduka.

"Akumeza?"

"Movutikira."

"Akutentha thupi? Pachifuwa pakumveka bwanji? Apititseni kuchipatala panopa, musadikire galimoto ya munthu. Ndikubwera."

Malo m'ndege anapezeka a Loweruka. Ulendo wake unali wa usiku ndi usana, wosintha ndege panjira. Amake anawanong'oneza amuna awo m'khutu lamoyo kuti mwana wanyamuka, ali m'njira, afika mawa masana. Bamboyo anafinya dzanja. Anayesetsa ndithu, anamwino anachitira umboni. Koma chifuwa chinali chitadzaza, ndipo Loweruka dzuwa likupendeka anasiya kupuma, mwana wawo ali m'mwamba, foni yozimitsa.

Za maliro palibe chonena. Anthu anabwera, analira, anadya, anapita. Nesi anachita zonse zoyenera, analonjera aliyense, anagwira amake pamkono popita kumanda. Kulankhula nawo ndiye ayi, kupatula za mipando ndi makapu.

Tsiku lachitatu nyumba itapepuka, amake anamupeza m'chipinda atakhala pabedi, jekete la abambo ake lili pamiyendo.

"Ndibwerekeni foni yanu."

Anamupatsa. Anaima pakhomo, manja atapinda m'chitenje. Nesi anayamba kumayambiriro, pa chithunzi choseka chija, n'kumadutsa pang'onopang'ono. Pa cha nyuzipepala anakulitsa ndi zala ziwiri, anayang'anitsitsa pamene panabisala dzanja.

"Ine ntchito yanga ndi imeneyi," anatero osadzutsa mutu. "Tsiku lililonse ndimaona nkhope zotere. Ndikanangoona tsaya limodzi. Ndinkazionetsa anzanga kuntchito, amayi. Ndinkanyadira."

"Anandiletsa ndi abambo ako. Ankafuna ulembe."

"Ndikudziwa. Ndi khalidwe lawo. Zimenezo ndawakhululukira kale, ndipo inunso ndikanakukhululukirani."

Anapitirira. Anafika pa zithunzi za sabata yomaliza, nkhope imodzimodzi kambirimbiri, ina yotuwa, ina yamdima, ina pambali pakuoneka nsonga ya nsalu yoyera. Anadabwa. Anabwerera pa chimene analandira, anadina pakona, panatuluka timalemba tating'ono.

"Apa palembedwa Lamlungu."

Anatembenuzira foniyo kwa amake.

"Ine ndinachilandira Lachinayi."

"Eya."

"Abambo ankadziwa kuti simunatumize?"

"Ayi. Ankayesa kuti chinapita. Ankafunsa kuti wati bwanji."

"Munkawayankha chiyani?"

"Kuti uli pantchito."

Nesi anawerenga pa zala, milomo ikuyenda. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Chala chachitatu anachigwira osachisiya.

"Ndikanafika Lachitatu. Ndikanawapeza akulankhula. Anamwalira akuganiza kuti ndinaona chithunzi chimenechi n'kukhala masiku anayi osayankha." Anadzutsa mutu koyamba. "Munkadikira chiyani, amayi?"

Amake Nesi anali mayi wosasowa yankho. Moyo wawo wonse ankadula nkhani za anthu pakati n'kuwauza chochita. Anafufuza m'mutu monse kuti apeze chifukwa chokwanira kupatsa mwana, ndipo chimene anapeza chinali chimodzi chokha, choona.

"Sichinatuluke bwino. Ndinkafuna ndijambule china."

Nesi anawayang'ana nthawi yaitali. Sanakuwe, sanalire. Anaika foni pabedi chafufumimba, anapinda jekete n'kuliika m'chikwama chake, anatseka zipi.

"Ndikakhala kwa azakhali masiku otsalawa."

"Tiyi ali pamoto."

"Imwani."

Anadutsa pakhomo mopendekeka kuti asawakhudze. Amake anamva chitseko chakunja, kenako geti, kenako mawilo a chikwama akugogoda miyala ya mumsewu mpaka anasiya kumveka. Ketulo inayamba kulira kukhitchini. Anapita kukaiphula, anatsitsa makapu awiri, n'kubweza imodzi.